Kasikweya ka pa botolo la katemera: kawerengedwe ka VVM ndi zimene siingakuuzeni

"Ndikabwezera kabotolo ka katemera mu furiji usiku wonse, kasikweya kodaka kayeranso?" Funso ili ndalimva kwa anzathu a zaumoyo amene angoyamba kumene ntchito, kwa mavolontiya a kampeni ya poliyo, ngakhalenso kwa amayi a kusikelo amene amationa tikutembenuzatembenuza kabotolo tisanadonthetsere mwana. Yankho lake ndi lakuti ayi, sikayeranso. Koma ukangoyankha choncho pamabuka mafunso ena ambirimbiri, uku mzere wa ana uli chidikirire panja. Ndiye ndalemba zonse pamodzi, kuti wondifunsanso ndizingomutumizira izi.

Tikunena za kachizindikiro kozungulira kamene kamakhala pa botolo la katemera, ka mtundu wa pepo wotuwirako, pakati pake pali kasikweya koyera. Dzina lake ndi VVM, chidule cha vaccine vial monitor. Mkombero wakunjawo ndi inki wamba, susintha. Kasikweyako ndiko kali ndi mankhwala otchedwa diacetylene, amene tizigawo take timalumikizana pang'onopang'ono n'kumada. Kukazizira timalumikizana mochedwa kwambiri, kukatentha timafulumira, ndipo tikalumikizana sitimasukanso. Zili ngati nthochi: ya potentha imapsa msanga, ya pozizira imachedwa, koma palibe nthochi yakupsa imene inabwerera ku uwisi chifukwa choiika pozizira.

Apa m'pamene VVM imasiyanirana ndi timapepala tija toyezera kutentha pamphumi pa mwana, kapena makapu aja amene chithunzi chimatulukira mukathiramo tiyi. Zimenezo zimasintha mtundu n'kubwereranso, zimanena za panopa basi. VVM sikuuzani ngati panopa kabotolo kali kozizira kapena kofunda. Imakuuzani kutentha konse kumene kabotoloko kakumana nako chichokereni ku fakitale: pa bwalo la ndege, m'galimoto yochokera ku Lilongwe, mosungira katemera kuboma, mu furiji yanu, pa njinga popita kumudzi. Zonsezo zimaphatikizana pa kasikweya kamodzi.

VVM inayamba kugwira ntchito mu 1996 pa katemera wa poliyo wodonthetsera mkamwa wogulidwa kudzera ku UNICEF, bungwe la PATH litalimbana nayo zaka zambiri limodzi ndi kampani ya ku New Jersey ku America imene pambuyo pake inadzatchedwa Temptime. Anayambira pa poliyo chifukwa ndiye katemera wosachedwa kufa ndi kutentha kuposa anzake.

Ma VVM sali a mtundu umodzi. Amene timakumana nawo kawirikawiri ndi VVM2, VVM7, VVM14 ndi VVM30, ndipo nambalayo ndi masiku amene kasikweya kangatenge kuti kafike potaya, kutanthauza pa mtundu wosonyeza kuti katemerayo atayidwe, kabotolo katakhala pa madigiri 37 osachokapo. Poliyo wa mkamwa ali ndi VVM2: masiku 2 okha pa madigiri 37, koma masiku 225 pa madigiri 5. VVM30, imene mumaipeza pa akatemera opirira monga wa kafumbata, imatha masiku 30 pa madigiri 37, masiku 193 pa madigiri 25, ndi zaka zoposa 4 pa madigiri 5. Amene mumagwira ntchito ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Mangochi mwezi wa October mukudziwa kuti madigiri 37 si nkhambakamwa, ndi masana wamba.

1. Yambani ndi lebulo ndi ekisipaya, VVM pambuyo

Kabotolo kopanda lebulo, kapena kamene lebulo yake yanyowa n'kumatuka, sikagwiritsidwa ntchito, ngakhale mukukadziwa ndi maso. Tsiku la ekisipaya likadutsa, nkhani yathera pomwepo, kaya kasikweya kayera chotani. Kasikweya kakada ekisipaya ikadali kutali chaka chathunthu, nkhani yatheranso pomwepo. Chilichonse mwa ziwirizi chimagwetsa kabotolo pachokha, ndipo palibe chimene chimapulumutsa chinzake. Ngati palembedwa mwezi ndi chaka chokha, katemerayo amagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza la mweziwo.

2. Imani powala, koma osati padzuwa

Zipinda zambiri zimene timasungiramo furiji ndi zamdima, ndipo mumdima kasikweya ndi mkombero zimaoneka zofanana zisanafanane. Pitani pafupi ndi windo kapena pakhonde pamthunzi. Kabotolo kongotuluka mu furiji kamachita thukuta, ndiye pukutani lebulo kaye ndi kansalu kouma. Gwirani kuchivindikiro ndi zala ziwiri, musakafumbate m'manja mofunda pamene mukucheza ndi mnzanu.

Dzuwa lolunjika limadetsa VVM mofulumira, ngakhale madzi a mkatimo akadali ozizira. Limaononganso katemera wa BCG (wa chifuwa chachikulu) ndi wa chikuku, n'chifukwa chake amabwera m'mabotolo oderako. Tochi ya foni imanyezimira pa lebulo n'kuyeretsa chilichonse. Ngati palibe kuchitira mwina, unikani chapambali.

3. Yerekezani kasikweya ndi mkombero wake womwewo

Lamulo ndi limodzi. Kasikweya kakakhala koyererapo kuposa mkombero, gwiritsani ntchito. Kakafanana ndi mkombero, kapena kakada kuposa mkombero, musagwiritse ntchito.

Ku maphunziro ambiri tinauzidwa za masiteji anayi, ndipo mpaka lero mumamva munthu akuti "iyi ili pa siteji 2". Siteji 1 ndi pamene kasikweya kali mbee. Siteji 2 kayamba kudera koma kakadali koyererapo. Siteji 3 kafanana ndi mkombero, siteji 4 kada kuposa mkombero. Polemba lipoti mawuwa amathandiza, koma asokoneza anthu pawiri. Ena amataya siteji 2, ati yayamba kuonongeka, pamene katemerayo ali bwinobwino ndipo ana akumudikira. Ena amatenga siteji 3 ngati mwayi womaliza, ati potaya penipeni ndi pa 4. Ayi. Potaya ndi pa 3. Komanso mtunduwu sudumpha kuchoka pa siteji ina kufika pa ina. Umayenda pang'onopang'ono, moti timabotolo tiwiri tonse ta "siteji 2" kena kangakhale kongoyamba kumene kudera, kena katsala pang'ono kutha.

Pa zithunzi za pa maphunziro zonse zimaoneka zosavuta. Povuta ndi pamene muli ndi kabotolo m'manja, kasikweya kakuzimirira, mwana ali pamiyendo pa mayi wake, ndipo kabotolo n'komaliza. Chitani chonchi. Kagwireni patali pamene mumawerengera buku, mofunafuna m'mbali zinayi za kasikweya. Mukaziona bwino ndipo mkatimo muli moyererapo, kadakali kabwino. Ngati mpaka mukupendeketsa uku ndi uku, kukabweretsa pamphuno, kudzinyengerera nokha kuti mwina kakuoneka, ine ndimati kafika potaya. Amene mumavala magalasi powerenga, valani. Itanani mnzanu, koma musayambe mwamuuza maganizo anu. Ingomupatsani n'kufunsa kuti, "Mukuona chiyani apa?" Mukayamba ndi "kakadali bwino eti?", adzangovomera mwaulemu, makamaka ngati ndinu wamkulu pantchito.

Samalani ndi msampha uwu: kasikweya kakadutsa potaya kamayambanso kuoneka bwino lomwe, m'mbali zonse zinayi zili poyera, koma tsopano kali kakuda kuposa mkombero. Munthu wofulumira amangoona kuti kasikweya kakuoneka n'kumadonthetsa. Funso si lakuti kakuoneka kapena ayi. Funso n'lakuti, choyererapo n'chiti, kasikweya kapena mkombero?

Musayerekeze ndi chithunzi cha pa khoma la chipatala, chinasuluka kale ndi dzuwa. Musajambule n'kutumiza pa WhatsApp kuti anzanu akuweruzireni, chifukwa kamera ya foni imadzisinthira yokha kuwala ndipo chithunzi chimodzi chimaoneka mosiyana pa mafoni awiri. Musadabwenso kuona poliyo wadera pamene penta, katemera woteteza ku matenda asanu, wa mu furiji yomweyo ali mbee. Ma VVM ake ndi osiyana, ndipo umo ndi mmene ziyenera kukhalira.

4. Koderako kayambe kutuluka

Tinaphunzira kuti kabotolo kamene ekisipaya yake yayandikira ndiko kayambe. Lamulolo ndi labwino, koma VVM imaliposa mphamvu. Tinene kuti muli ndi timabotolo tiwiri ta katemera mmodzi, kena kothera December kasikweya kali mbee, kena kothera chaka chamawa koma kadera kale. Yambani ndi koderako. Koyerako kangadikire, pamene koderako ulendo umodzi wa padzuwa ungakamalize. Khalani ndi kabasiketi kapadera mu furiji kolembedwa kuti YAMBANI IZI, muziikamo toderato pamodzi ndi tosatsegula tobwerera kuchokera kumudzi. Ngati n'kotheka, toderato tithere pa sikelo ya pachipatala pomwepo, ku outreach (sikelo ya kumudzi) yakutali kupite toyera.

Yang'ananinso VVM tsiku limene katundu wafika kuchokera kuboma, mulembe mu stock book mmene yabwerera. Mukapanda kulemba, mwezi wamawa palibe amene adzakhulupirire kuti inabwera itadera kale.

5. Onani pamene VVM yamatidwa

Ambiri sadziwa kuti malo amene VVM yamatidwa ali ndi tanthauzo. Ikakhala pa lebulo ya m'mbali mwa botolo, imatsalira pomwepo mukatsegula, ndipo ikukuuzani kuti katemerayo angasungidwe atatsegulidwa mpaka masiku 28. Zimenezi zimatheka pokhapokha ngati ekisipaya sinadutse, kabotolo kakhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, sikanaundane, kasikweya sikanafike potaya, ndiponso kamphira ka pamwamba sikanamire m'madzi. Lembani tsiku lotsegulira pa lebulo nthawi yomweyo. Mukati mulemba mukamaliza sikelo, simulemba. Za timabotolo totsegulidwira kumudzi tsatirani malangizo amene a EPI, oyang'anira za katemera kuboma kwanu, anakupatsani.

Ikakhala pa kachivindikiro ka pamwamba, kapena pakhosi pa ampule, kabotolo kagalasi kotsegula pothyola khosi, imachoka mukangotsegula, ndipo anachitira dala. Kuyambira pamenepo VVM ilibenso mawu, woweruza ndi wotchi. Katemera wotere amatayidwa pakatha maola 6 kapena sikelo ikatha, chimene chayamba kufika. Apa tikunena makamaka akatemera a ufa amene timasungunula, BCG ndi wa chikuku. Mulibe mankhwala oletsa tizilombo, ndiye mukasungunula n'kusunga mpaka mawa, mabakiteriya amaswana mkatimo. M'maiko ena ana amwalirapo ndi katemera wa chikuku wosungunulidwa dzulo lake. Musamve chisoni ndi madozi 6 otsala mu botolo. Lembani ola limene mwasungunulira, nthawi ikakwana tayani.

Madzi osungunulira aja, diluent, alibe VVM. Aikeni mu furiji dzulo lake kuti pofika posakaniza akhale ozizira mofanana ndi katemera, asaundane, ndipo akhale a kampani yomweyo imene inapanga katemerayo.

6. Kumbukirani kuti VVM sidziwa kuzizira

Apa m'pamene malangizo ambiri amadutsa mothamanga, ndipo m'pamene timaonongera katemera osadziwa. Penta amene waundana usiku n'kusungunuka m'mawa, kasikweya kake kamakhala koyera mbee. Furiji yozizira mopitirira muyeso ndi imene imakhala ndi ma VVM okongola kuposa onse. Munthu amene amangodalira kasikweya angabaye ana mwezi wathunthu katemera wopanda mphamvu, malipoti ake ali bwinobwino.

Oopa kuundana ndi penta, PCV wa chibayo, Td wa kafumbata, HPV wa khansa ya khomo la chiberekero, IPV (poliyo wobaya), rota wa kutsegula m'mimba ndi wa malungo. Poliyo wa mkamwa saopa, ndipo BCG ndi wa chikuku akadali ufa saopanso. Ambiri mwa oopawo ali ndi aluminium mkati, amene amathandiza thupi kumumva katemerayo. Akaundana, aluminium uja amagwirana n'kupanga timibulu tolemera, mphamvu imatha ndipo sibwerera, komanso pobayidwapo pangatuluke chithupsa. Sipafunika kuzizira koopsa ayi. Katemera wa hepatitis B, amene alimo mu penta, amayamba kuundana pa madigiri -0.5.

Njira zimene katemera amaundanira ndi zodziwika. Kabotolo kakhudza khoma kapena pansi pa furiji. Magetsi abwera atazima nthawi yaitali, wina n'kupotokola thermostat, kosinthira kuzizira kwa furiji, kuti izizire msanga, n'kuiwala. Usiku wa June kapena July kumadera ozizira ngati ku Dedza, furiji ili pa mlingo umene inaikidwa nthawi yotentha. Koma njira yaikulu ndi ma ice pack (mapaketi apulasitiki a madzi oundana) ochokera mu freezer, olimba gwa, oponyedwa mu carrier, bokosi lonyamuliramo katemera, chifukwa galimoto ikuimba hutala panja. Ice pack yotere imatha kukhala pa madigiri -20.

Mankhwala ake ndi chimene timachitcha kukondishona. Yalani ma ice pack pa tebulo, motalikirana, osasanjikiza, mpaka mukaigwedeza pakhutu mumve madzi akuchita phokoso ndi chibulumwa cha ayezi chikuyendayenda mkati. Thukuta la kunja si chizindikiro, limabwera msanga mkatimo mukadali gwa. Kumalo otentha sizichedwa, koma m'mawa wozizira zingatenge mphindi 30 mpaka ola. N'chifukwa chake tsiku la outreach ntchito yoyamba mukangofika ndi kutulutsa ma ice pack, kulemba ndi kulongedza pambuyo. Mu furiji zotsegula pamwamba, oopa kuundana akhale m'mabasiketi a pamwamba, poliyo, BCG ndi wa chikuku pansi.

Chokuuzani za kuzizira ndi tizida tina. Fridge-tag 2 imasunga mbiri ya masiku 30, ndipo imaonetsa alamu furiji ikatsika pansi pa madigiri -0.5 kwa mphindi 60, kapena ikapitirira madigiri 8 kwa maola 10. Freeze-tag imasintha chizindikiro chochonga n'kukhala mtanda kukazizira mpaka kuundanitsa. Werengani m'mawa ndi madzulo, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Tchati cholembapo madigiri a furiji chodzazidwa Lolemba m'mawa ndi nambala 5 zokhazokha tonse timachizindikira.

7. Mukakayikira kuundana, chitani shake test

Ngati mwapeza kabotolo kali chiundanire, palibenso choyesa, katha. Chimodzimodzi ngati mwakhutchumula koma timibulu toyera tikukanirirabe pagalasi. Shake test, kuyesa pokhutchumula kuti muone ngati katemera anaundanapo, ndi ya pamene alamu yaonetsa, kapena mwapeza katemera atagundana ndi ice pack yolimba, koma maso sakuona kanthu. Imagwira ntchito pa akatemera a aluminium okha, monga penta, PCV, Td ndi HPV. Pa IPV ndi rota siikuuzani kanthu. Amenewo mukawakayikira apatuleni n'kudziwitsa akuluakulu.

Cholakwa chachikulu ndi kutenga kabotolo kamodzi, kukhutchumula, kuyang'ana, n'kunena kuti kali bwino. Kumeneko si kuyesa. Pamafunika kabotolo koyerekezera kamene mwakaundanitsa dala, ndipo ndiye chifukwa chake ntchitoyi imatenga usiku wathunthu.

a. Tengani kabotolo kamodzi ka katemera yemweyo, kampani yomweyo, batch yomweyo (nambala ya pa lebulo yosonyeza opangidwira pamodzi). Lembanipo ndi zilembo zazikulu kuti FROZEN, kuti wina asadzakabayire mwana. Inde, mwaononga kabotolo kamodzi. Kulibwino kamodzi kusiyana ndi kutaya kapena kubaya bokosi lonse mongoganizira.

b. Kaikeni mu freezer usiku wonse mpaka kalimbe gwa mkati monse. Nthawi yonseyi okayikitsa aja akhale mu furiji yabwino, pambali, olembedwa kuti asagwiritsidwe ntchito.

c. M'mawa katulutseni kasungunuke kokha. Osakaika m'madzi ofunda, osakaika padzuwa, osakafumbata.

d. Gwirani timabotolo tiwirito m'dzanja limodzi, koundanitsa dala ndi kokayikitsa, mukhutchumule mwamphamvu masekondi 10 mpaka 15. Dzanja limodzi, kuti tonse tigwedezeke mofanana.

e. Tiimikeni pa tebulo moyandikana, kuwala kwa pawindo kukhale kumbuyo kwake, inu muwerame maso afanane ndi timabotoloto. Ngati lebulo ndi yaikulu yophimba galasi lonse, tizondotseni tonse tiwiri muyang'anire kukhosi. Musatigwirenso, ndipo musachokepo kukayankha foni.

f. Onani kamene kakudikha msanga. Koundanitsa dala kaja timibulu take timatsika mofulumira, pamwamba n'kuyamba kuoneka madzi oyera. Kabwino kamakhalabe kotuwa mbuu, kamadikha mochedwa. Ngati kokayikitsa kakuchedwa kudikha kuyerekeza ndi koundanitsa dala, katemerayo sanaundane, gwiritsani ntchito. Ngati tikudikha mofanana, kapena kokayikitsako ndiye kali patsogolo, anaundana.

Kusiyanaku kumaoneka m'mphindi zochepa zoyambirira. Mukachokapo n'kubwera patapita nthawi mudzapeza tonse tadikha, simudzaona kanthu, ndiye muyambirenso kukhutchumula. Batch iliyonse imafuna koyerekezera kakekake, chifukwa akatemera a makampani osiyana sadikha pa liwiro limodzi. Kamodzi kakalephera musathamangire kutaya furiji yonse, komanso musanene kuti n'kokhako. Imbirani cold chain technician kapena woyang'anira EPI kuboma, yesani ena a m'mabasiketi osiyanasiyana, makamaka amene anali pafupi ndi khoma.

Ndikulangizani kuti muyeserere tsiku limene kulibe vuto, ndi kabotolo kotha ekisipaya ndi kanzake ka batch yomweyo. Maso amene anaonapo kamodzi mmene katemera woundana amadikhira sasokonezekanso.

8. Kumudzi yang'anani mobwerezabwereza

Kuyang'ana polongedza m'mawa sikokwanira. Yang'ananinso potsegula kabotolo kalikonse, ndiponso pobwezera mu furiji madzulo. Carrier ikhale pamthunzi, yotseka, ndipo muzisuntha nayo mthunzi ukamasuntha. Timabotolo totsegula tikhale m'timing'alu ta siponji ya pamwamba mu carrier. Musatiike pa ice pack kapena m'kapu ya madzi a ayezi, lebulo imamatuka ndipo VVM imapita nayo limodzi.

Amene munayenda nawo khomo ndi khomo mu 2022, poliyo atapezeka mwa mwana ku Lilongwe mwezi wa February chaka chimenecho, mukukumbukira kuti pofika masana ma ice pack amakhala atasanduka madzi. Pamenepo ndi pamene VVM imaonetsa phindu lake. Kusungunuka kwa ma ice pack pakokha sikutanthauza kuti poliyo wafa. Yang'anani kasikweya. Ngati kakadali koyererapo pitirizani, koma popeza ndi VVM2, muziyang'ana musanadonthetse pa nyumba iliyonse, ndipo muzitsegula kabotolo kamodzi pa nthawi.

Mayi akafunsa kuti mukuyang'ana chiyani, aonetseni. Zimatenga masekondi ochepa kunena kuti, "Mayi, onani apa, pakatipa pakakhala poyera kuposa m'mbalimu ndiye kuti katemera sanapse ndi dzuwa." M'mudzi momwe mwadzaza mphekesera za katemera, mayi amene waona yekha amakafotokozera anzake kuchitsime bwino kuposa ife.

9. Kabotolo kakafika potaya

Kachotseni mu furiji nthawi yomweyo. Kakatsalamo, wina wofulumira adzakatola. Lembani mtanda waukulu pa lebulo, kaikeni m'bokosi lolembedwa kunja kwa furiji, ndipo mulembe mu stock book dzina la katemera, batch, madozi ndi chifukwa chake: VVM, ekisipaya, kuundana kapena kusweka. Musakaponye m'chimbudzi kapena kudzala kumene ana amasewera. Katayidwe kake kamatsata malangizo a kuboma, ndipo pa kampeni timabotolo timawerengedwa pobweza, choncho bwezani tonse.

Magetsi akazima usiku wonse musayambe ndi kutaya. Siyani furiji yotseka, mukaona kuti ikupitirira madigiri 8 samutsirani katemera mu cold box yokhala ndi ma ice pack okondishona kapena ku chipatala choyandikana nacho, kenako yang'anani kabotolo kalikonse pakokha. Kawirikawiri mudzapeza kuti poliyo ndi amene wadera, ena onse ali bwino.

Kenaka funsani chimene chadetsa. Ngati kada kamodzi kokha, mwina ndi kaja kamene kakhala kakupita ku outreach n'kubwerera kosatsegulidwa, ndiye chepetsani amene mumanyamula kuti agwirizane ndi ana amene mukuwayembekezera. Ngati ada ambiri a mitundu yosiyana nthawi imodzi, vuto lili mu furiji: onani mphira wa chitseko, fumbi la pa sola, ndi mbiri ya pa Fridge-tag, ndipo mumuimbire technician tsiku lomwelo, katundu wina asanabwere kudzalowa mu furiji yomweyo.